Nkhuni za ku Mtsuko

Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Febuluwale, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, a Mbewe anatsirizika ndili mkati mowapukuta kumsana. Ndinali nditawatembenuzira kukhoma, madzi a m'beseni akutulukabe nthunzi. Thupi linangolemera mwa mtundu wina m'manja mwangamu. Ndinamaliza kaye kupukuta, n'kuwaveka malaya oyera, kenako ndinaimbira foni mwana wathu Tadala ku Oakville. Kunja sinowo inkagwa chopingasa, ndipo pansi pa fulati yathu kuno ku North York basi inali itaima, ikudikira gogo wina woyenda ndi ndodo.

Anali amuna anga kwa zaka zoposa makumi atatu, koma pamsinkhu akanatha kukhala malume anga. Tonse ndife a ku Dowa. Iwo anabwera ku Canada pa sukulu ine ndisanamere mano. Atakula ndithu, akazi awo oyamba atawathawa, anatumiza mawu kumudzi kuti awapezere mkazi wosalongolola. Anapeza ine, amene ndinalekezera Sitandade 4. Pabwalo la ndege anandilandira ndi jekete ya akazi oyamba aja, n'kundiuza kuti ikhala yaikulu koma ndidzakuliramo. Amalawi a kuno ankawatchula kuti a Dokotala, ngakhale sanapatsepo munthu ndi panado yemwe. Udokotala wawo unali wa miyala ndi magombe, pa yunivesite ina ya konkuno.

Zimene ankafuna akadzamwalira aliyense ankazidziwa, chifukwa ankazinena ngakhale pa phwando la Khirisimasi anthu ali ndi nyama pakamwa. Ankati thupi lawo lidzawotchedwe, phulusa lake likakhuthulidwe ku Mtsuko, pa mzere wapamwamba penipeni. Kumudzi ankati asadzaone ndi chikhadabo chawo chomwe. Ndiye atangotsirizika nkhaniyo inagwera ine, chifukwa malamulo a kuno amafunsa mkazi, safunsa mbumba.

Mtsuko si dzina la pa mapu. Pa mapu pali dzina la mzungu wina amene anangodutsapo pa sitima, ndipo eni dziko a kumpotoko ali ndi lawo limene lilime langa linalephera. A Mbewe ndiwo anapatcha Mtsuko, ndipo ndi liwu lokhalo la Chichewa limene ndinawamva akulitchula mokoma. Ndi malo aang'ono pachilumba china kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, pamene nyanja yalowa kumtunda ngati mtsuko wogonekedwa chammbali. Pakamwa pake ndi popapatiza, pakati pa mapiri awiri akuda. Mkati ndi motakasuka, ndipo kutsinde kwake kumatsikira kamtsinje ka madzi otuwa ngati phala, kochokera pansi pa ayezi wa pamwamba pa phiri. Ukaima pakati umaona ponseponse. Kulibe mudzi, kulibe msewu, mtengo ndi umodzi womwe. Chimene kumeneko amati mtengo chimakwawa pansi ngati kholowa, osapitirira chala kutalika. Nthaka imasungunuka mpaka pachigongono basi, pansi pake ndi gwa chaka chonse, moti manda sangakumbike. Nyanja imatseguka mu Ogasiti mokha, ndipo zaka zina sitseguka n'komwe. Mphepo ikaleka kumakhala zii, mpaka umamva magazi ako m'makutu.

Chimene chinawadya mtima a Mbewe ndi mizere. Kuchokera pamadzi kukwera mtunda, gombe lonse ndi mizere ya nsangalabwi, wina pamwamba pa unzake, ngati munda umene munthu anaunga n'kuiwala kubzala. Mzere uliwonse unali gombe nthawi ina. Kalekale ayezi ankapsinja dziko limenelo, ndipo atachoka nthaka inayamba kudzuka pang'onopang'ono, ngati matiresi munthu akachokapo. Ikudzukabe mpaka lero. Ntchito ya a Mbewe inali kudziwa zaka za mzere uliwonse. Izi ndikutha kuzifotokoza chifukwa ndinazimva kambirimbiri akuuza alendo, ine ndikupereka tiyi. Ineyo sanandifotokozerepo. Ankati n'chimodzimodzi kutungira madzi m'dengu.

M'nyumba mwathu, pamene anzathu amapachika zithunzi za ukwati, panali mapu a Mtsuko. Pawindo panali miyala, uliwonse ndi nambala yake, ndipo ndikapukuta fumbi ankabwera pambuyo kudzaona ngati ndasuntha. M'nyengo yozizira ankatsitsa hita mpaka ndinkaphika nditavala jekete ija. Ankati kuzizira kumasunga zinthu, kutentha ndi kumene kunaoletsa mitu ya anthu kwathu. Mlendo akalowa, asanakhale pansi, ankamuuza kuti aloze kumpoto. Akaloza kolakwika ankamuyang'ana kwa kanthawi, n'kundiuza kuti ameneyu amwere kapu yapulasitiki. Ankatinso munthu wosadziwa kuyeza asamalankhule pagulu. Ine ankanditchula kuti iwe, kaya pali abusa, kaya pali ana.

Kwa Tadala yekha anali munthu wina. Ankamukhazika pamwendo, kumuika mwala m'kadzanja, n'kumuuza kuti anyambite amve mchere wa nyanja imene inachoka kalekale. Mwanayo anadziwa kuloza kumpoto asanadziwe kumanga nsapato.

Ena onse anakangana nawo. A Tembo, mkulu wa mpingo wathu wochokera ku Chipata, anawauza tsiku lina mwaulemu, tikudya, kuti dziko silingakhale lakale choncho. A Mbewe anapita kuchipinda, anabwera ndi chigoba cha nkhono ya m'nyanja chimene anatola pamwamba pa phiri, anachiika m'mbale ya a Tembo pambali pa nkhuku, n'kuwauza kuti afunse chimenecho, n'chachikulu kwa Adamu. A Tembo anasamba m'manja n'kunyamuka.

Mayi a a Mbewe anamwalira chaka china mu Ogasiti. Uthenga unawapeza katundu wa ku Mtsuko atapakira kale. Anandiuza kuti ndidziwitse kumudzi aike, chifukwa ayezi sadikira munthu, pamene wakufa sakupitanso kwina kulikonse. Sanapite ngakhale pomanga chiliza. Mlongo wawo, a Nambewe, analira pa foni mpaka mawu anasasa, ndipo ine ndi amene ndinagwirizira foniyo kukhutu, eni ake akumanga zingwe za nsapato.

Ku Mtsuko ndinapitako kamodzi, chaka chachiwiri nditafika kuno. Wophika wawo anadwala ulendo uli pafupi, ndipo a Mbewe anati palibe chifukwa cholembera wina pamene m'nyumba muli munthu wongokhala. Ndinali ndi pathupi pa Tadala, pa miyezi itatu. Ankadziwa. Anati mimba si matenda. Tinakwera ndege zingapo, yomaliza yaing'ono ngati minibasi, imene inatera pa nsangalabwi n'kutisiya anthu anayi: iwo, ine, ndi ophunzira awo awiri achizungu, mmodzi wa iwo mtsikana.

Dzuwa silinkalowa. Linkangozungulira pamwamba pa mapiri ngati mbuzi pachingwe. Ndinkaphika pa chitofu cha gasi, ndipo gasiyo anali woyezedwa, wa chakudya ndi tiyi basi. Posamba anthu ankangodzipukuta ndi kansalu konyowa. M'mawa uliwonse atatuwo ankanyamula zoyezera ndi mfuti imodzi n'kukwera mizere. Mfuti inayo inkatsala patenti, ndipo mtsikana uja anali atandisonyeza kuombera m'mwamba, chifukwa kumeneko kuli zimbalangondo zoyera, zazikulu ngati nkhunzi, zimene zimadya munthu. Pobwera a Mbewe ankadandaula mawondo ndi msana. Kumeneko ndi kumene ndinawamvapo akuimba nyimbo chapansipansi, akusanja miyala yawo, ndipo ndinaganiza kuti mwina munthuyu ali ndi pofewa pake. Ine ndinaleredwa kuti mwamuna akaweruka azipeza madzi otentha kubafa. Kulephera zimenezo kunkandichititsa manyazi pamaso pa ana a eni ake.

Tsiku lina atawolokera kutsidya la kamtsinje, ndinakwera mizere kuti ndiwongole miyendo. Ndinaona nkhuni. M'dziko lopanda mtengo, nkhuni zouma, zoyera ngati mafupa, chikuni china apa, china uko, zina zitakwiririka theka m'miyala. Pambali pa zina panali timilu ta miyala, koma kumeneko miyala ili paliponse. Mtima wanga unakondwa koyamba chifikireni. Ndinayenda mzere ndi mzere mpaka wapamwamba penipeni, pamene ndinapeza chipika chonenepa ngati ntchafu. Ndinamanga mtolo ndi chingwe cha tenti, ndinapinda mpango kukhala nkhata, ndinasenza. Ndinabwererakonso kachiwiri. Ndinaika mafuwa atatu, ndipo nkhunizo zinayaka bwino kuposa tsanya.

Utsi anauona ali kutali. Ndinawaona akuthamanga, munthu wodandaula mawondo uja, akugwa n'kudzuka pa nsangalabwi. Atafika anayang'ana moto, anayang'ana ndowa ya madzi ikubwata, anagwada n'kuyamba kusolola zikuni ndi manja. Mtsikana uja ndi amene anandifotokozera pambuyo pake, ndi Chingerezi chapang'onopang'ono ndiponso ndi manja. Mitengoyo inachokera ku mitsinje ya mbali ina ya dziko lapansi, inayenda pa ayezi, nyanja n'kuilavula pagombe la nthawi imeneyo. Chikuni chilichonse chimanena zaka za mzere umene chagonapo, bola chipezeke pamalo pake. Cha pamzere wapamwamba a Mbewe anachifunafuna zaka zambiri. Anali atachipeza dzana lake, ndipo ankadikira kumaliza kuyeza kuti akadulepo kachidutswa. Ine ndinali nditasakaniza zonse pamoto umodzi.

A Mbewe ataimirira anatenga ndowa ija n'kukhuthula madziwo pansi pang'onopang'ono, ine ndikuona. Kenako anati, "Iwe, kuyambira lero usadzawotchenso chinthu chakale. Wamva?"

Ndinati ndamva.

M'mawa mwake anakonza boti kuti apite ndi ophunzira aja ku phiri la pakamwa pa Mtsuko. Ine anandisiyira ntchito: ndikwere mizere, ndipeze dzenje la chikuni chilichonse, ndiimikepo mwala. Mfuti anatenga zonse ziwiri. Anati munthu wosasiyanitsa nkhuni ndi nkhuni sangasiyanitse kutsogolo ndi kumbuyo kwa mfuti. Mtsikana uja anakangana nawo mpaka nkhope inafiira, koma boti linali lawo, ndipo digiri yake inali m'manja mwawo. Mtsikanayo anakwera akulira.

Dzuwa linazungulira kawiri. Mizere yonse ndi yofanana, ndipo maenje sindinawapeze, kupatula ochepa amene mwina sanali n'komwe. Tsiku lachiwiri ndikutsika ndinaona chimbalangondo m'mphepete mwa madzi, chikuyenda mosafulumira, mutu uli pansi, chikulunjika kumatenti. Ndinafika ine poyamba. Ndinalowa, ndinatseka zipi, ndinadzipinda nditagwira pamimba. Ndinamva nsangalabwi zikulira pansi pa mapazi ake. Ndinamva mpweya wake pansalu. Chinagubuduza mafuwa aja, chinanyambita poto, chinapita. Chifukwa chimene chinandisiyira sindichidziwa.

Boti litabwera ndinali ndikadali mkati. A Mbewe anafunsa kuti maenje ndapeza angati. Kenako anaona mapazi. Anatulutsa tepi m'thumba, anagwada, anayeza phazi limodzi m'litali ndi m'lifupi, anayezanso kuchokera paphazi lomaliza kufika pansalu ya tenti, n'kuuza ophunzira aja kuti chinali chachimuna, chachikulu bwino. Ine anandifunsa ngati tiyi alipo.

Titabwerera kuno mtsikana uja anakanena kwa akuluakulu a sukulu. Sanawachotse ntchito, koma sanawalolenso kutsogolera ulendo. Ankapita ngati wothandiza anzawo, ena mwa iwo ana ang'onoang'ono kwa iwo. Pamzere wapamwamba sanapezeponso chikuni. Zonsezi anazisenzetsa ine. Pa phwando lililonse nkhani inali yomweyo, ya mkazi wa ku Dowa amene anawotcha zaka zikwizikwi kuti afunditse madzi osamba. Ankaifotokoza mwaluso, akutsanzira mayendedwe anga ndi mtolo pamutu, ndipo anthu ankaseka mpaka misozi. Tsiku lina akazi a a Tembo analephera kupirira. Anati, "Koma imwe a Dokotala, nanga munali mutamuuza?"

Iwo anati, "Mayi, mbuzi simuiuza kuti uwu ndi munda wa kafukufuku. Mumangoimanga."

Anthu anasekanso, ena akuyang'ana m'mbale. Tadala anakula akuiseka nkhaniyi. Za mfuti ndi za tepi sizinkalowamo.

Sitiroko inawagwira atapuma kale pantchito. Inatenga mbali ya kumanja ndi Chingerezi chambiri, n'kuwasiyira Chichewa cha ku Dowa chimene ankachinyoza chija. Ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse ndi madzi otentha, ndipo sanawakhuthulepo. Hita ndinakweza. Mapu anandilozera kuti ndiwasamutsire kuchipinda, moyang'anana ndi bedi, ndipo ankatha tsiku lonse maso ali pamenepo, chala chamanzere chikukwera mizere m'malere. Sabata yomaliza, ndikuwamwetsa phala, anandigwira mkono. Anati, "Nabanda, chonde. Mukandisiye ku Mtsuko. Musandipititse kumudzi."

Aka kanali koyamba kunditchula mfunda wanga, koyambanso kundipatsa ulemu. Ndinawapukuta pakamwa n'kuwauza kuti amalize phala lisanazizire.

Tsiku la imfa, pofika madzulo nyumba inadzaza. A Tembo anabwera ndi amayi a kumpingo, nsapato zonyowa zinaunjikana pakhomo. A Nambewe, nkhalamba tsopano, anaimba kuchokera kumudzi kunena kuti mlongo wawo si zinyalala zoti n'kuwotcha, abwere adzagone pafupi ndi mayi ake. Kukhitchini amayi ankanong'onezana kuti zowotchana si zathu. Tadala anali atafufuza kale zonse pa foni yake: kowotchera, ndege, munthu wa boti amene angamufikitse mu Ogasiti. Iye Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Ananditengera kuchipinda, pansi pa mapu paja, n'kundiuza kuti bambo ake ananena momveka moyo wawo wonse, ndipo changa ndi kungosaina.

Ndinamuuza kuti bambo akewo anandilamula kuti ndisadzawotchenso chinthu chakale, ndipo ndinavomera. Anaganiza kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope yanga anakhala pabedi. Ndinamuuza za mfuti, za mpweya pansalu, za tepi. Ndinati, "Mutenti muja tinalimo awiri, iwe ndi ine."

Kenako anati bambo ake sangathenso kuyankha, ndipo ine ndadikira kuti afe kuti ndiwagonjetse. Sindinatsutse.

Ndinasaina zotumiza thupi kumudzi. Anthu anandiyamikira kwambiri. A Tembo ananena pamaso pa mpingo kuti ndine chitsanzo cha mkazi amene sanaiwale kwawo. Ndinaperekeza bokosi mpaka ku Dowa, kukutentha, chimanga chikumasula, thukuta likutsika m'khosi. Tadala sanabwere. Manda a kwawo kwa a Mbewe ndi msitu wowirira, mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa sinaikhudzepo. Adzukulu anakumba mosavutika, dothi lofiira, lofewa mpaka pansi. Pamene ankakwirira ndinayang'ana uku ndi uku. Ponseponse panali nthambi zogwa zokha, zina zitagona pamitumbira zaka ndi zaka, chifukwa kwathu kumanda satola nkhuni. Pamenepo palibe amene adzasunthe chikuni ndi chimodzi chomwe.

Nditabwerako ndinapeza Tadala anadutsa ndi kiyi wake. Anatenga mapu ndi miyala yonse, china chilichonse anasiya. Pakhoma patsala chigamba cha penti wowala ndi timabowo ta misomali. Pawindo pali timalo tozungulira pamene fumbi silinafike. Bedi ndinayala, palibe amagonapo. Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndimamuimbira, foni imaitana mpaka kuduka.

Mwezi uno ndi Ogasiti. Ngati ayezi wachoka chaka chino, madzi akulowa pakamwa paja n'kutuluka, kamtsinje kakutsika kotuwa, dzuwa likuzungulira pachingwe chake. Mafuwa anga mwina alipobe pamene chinawagubuduzira chilombo chija, akuda mbali imodzi, chifukwa kumeneko chinthu chimakhala pamene wachisiya. Nthaka ikukwera nawo pang'onopang'ono. Pamzere wapamwamba pali nsangalabwi zokhazokha.

Ine ndimadzuka m'mawa, ndimakwera sitima yapansi kenako basi, kupita ku Markham kunyumba yosungirako okalamba. Ntchito yanga ndi kuwasambitsa. Madzi ndimayesa ndi chigongono, akakhala bwino ndimayambira kumsana.